Mapointi 15 sanandilowetse ku yunivesite, ndipo nditalowa fizi inatsala pang'ono kunditulutsa

Ndinalemba mayeso a MSCE m'gulu la 2020, gulu lomwe linaona zachilendo. Sukulu zinatsekedwa mu Malichi chaka chimenecho chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo mayeso atayamba kumapeto kwa chaka anaimitsidwa mu Novembala zitadziwika kuti mafunso ena anali atawanda kale m'mafoni a anthu, kotero kuti tinakalembanso mu Januwale 2021. Zotsatira zitatuluka, okhoza m'dziko lonse sanakwane ngakhale theka la amene analemba. Ine ndinapeza mapointi 15, ndipo pa sukulu yathu yoyendera ya CDSS, kwathu ku Mchinji, panalibe mtsikana wina amene anafika pamenepo chaka chimenecho. Aphunzitsi anandiyamikira, amayi anapha nkhuku, ndipo aliyense, kuphatikizapo ine mwini, ankalankhula za yunivesite ngati nkhani yotha kale.

Ndifotokoze kaye mmene mapointi amawerengedwera, chifukwa vuto langa loyamba linabisala m'menemo. Pa MSCE, giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amene timanyadira aja amachokera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene munthu wakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo. Anga anali otere: Chichewa 1, Agriculture 2, Geography 2, History 3, Chingerezi 3, Biology 4. Pa satifiketi yomweyo panalinso Masamu 6, Chemistry 6 ndi Physics 7, koma popeza atatuwa sanalowe m'chiwerengero cha 15 chija, palibe amene ankawatchula, ndipo inenso ndinkawadumpha ndikamafotokozera anthu zotsatira zanga.

Kusankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma kumayendetsedwa pamodzi kudzera ku bungwe la National Council for Higher Education, lomwe ambiri amangoliti NCHE. Munthu amadzaza fomu imodzi, n'kulembapo maphunziro amene akufuna motsatana, kuyambira amene akuwafunitsitsa. Chaka chimene ndinkapempha malo koyamba, 2021, ndi chomwenso University of Malawi inagawidwa patatu: Polytechnic ya ku Blantyre inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo Chancellor College ya ku Zomba inatsala ndi dzina la University of Malawi. Kuwonjezera pa atatuwa pali LUANAR ya ku Bunda, Mzuzu University, ndi MUST ya ku Thyolo. Mayunivesite asanu ndi limodzi amamveka ngati ambiri, koma olemba MSCE amaposa 100,000 chaka chilichonse, pamene osankhidwa m'zaka zimenezo sankafika 10,000. Amene ali ndi ma credit asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, amaloledwa kupempha malo, koma kuloledwa kupempha ndi kusankhidwa ndi zinthu ziwiri zotalikirana kwambiri.

Fomu ndinakaidzaza pa boma, m'kasitolo kena kosindikiza mapepala, nditalipira kale ndalama yolembetsera ku banki. Chilengezo choitana anthu kupempha malo chinali ndi masamba ambiri, ndipo pa dzina la maphunziro aliwonse panalembedwa ma giredi amene amafunika. Masambawo sindinawawerenge. Kuyambira ndili ku pulayimale anthu akwathu ankanditchula kuti adokotala, choncho ndinalemba udokotala poyamba, kenako zamankhwala, unamwino ndi maphunziro ena a zaumoyo, mpaka mizere yonse inadzaza. Mnyamata wa pa kompyuta uja anandifunsa ngati sindikufuna kuikapo za uphunzitsi kumapeto, ine ndinamuyankha mwamwano pang'ono kuti munthu wa mapointi 15 salemba za uphunzitsi.

Mayina anatuluka patapita miyezi. Mndandanda unkazungulira pa WhatsApp, ndipo ndinaufufuza pa foni ya aneba, kakhonde kawo katadzaza ana ndi amayi amene anamva kuti mayina atuluka. Ndinayamba ndi KUHeS, n'kutsika tsamba ndi tsamba. Bandulo inatha ndisanamalize, mwana wina anathamanga kukagula mayunitsi, ndipo nditayambiranso ndinafufuza ngakhale m'mayunivesite amene sindinalembeko n'komwe. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi osatsanzika. M'mndandanda wa Mzuzu University ndinapezamo dzina la mnyamata wa m'kalasi mwathu amene anapeza mapointi 19, atasankhidwa kukachita za uphunzitsi. Manyazi amene ndinamva madzulo amenewo anandisowetsa tulo kwa nthawi yaitali, ndipo kutchalitchi ndinasiya kupitako poopa mafunso.

Amalume, achimwene awo a mayi anga, amene ndiwo amayang'anira mbumba yathu, anali nalo kale yankho. "Ndi kota imeneyi, mwanawe. Akupondereza ndi kota," anatero. Ambiri m'mudzimo anavomereza. Koma njira yosankha ophunzira potengera maboma ochokera, imene inayambitsidwanso mu 2009 ndipo inadzetsa mikangano yambiri makamaka m'chigawo cha kumpoto, boma linali litalengeza kale mu 2020 kuti yathetsedwa. Kota inali chotonthozera chabe, ndipo kuipa kwa chotonthozera chotere n'kwakuti chimamuletsa munthu kufufuza pamene panalakwika.

Masiku omwewo kunabwera uthenga pa foni ya amalume kuchokera kwa munthu amene ankati amagwira ntchito ku ofesi yosankha ophunzira, ndipo angathe kuika dzina langa pa mndandanda wachiwiri ngati titatumiza K60,000. Ankadziwa dzina langa ndi sukulu yanga, zomwe zinatikopa, ngakhale kuti zinthu zimenezi aliyense akanatha kuzipeza. Amalume anatumiza theka pa foni, n'kulonjeza kuti yotsalayo idzaperekedwa dzina likadzatuluka. Nambala ija sinapezekenso. Aliyense amene akukuuzani kuti malo a ku yunivesite ya boma amagulidwa pa foni akufuna kukuberani, ndipo amasankha dala masabata amene mabanja ali osweka mtima.

Amene ananditsegula maso ndi aphunzitsi anga a Geography. Atamva kuti ndadzitsekera m'nyumba, anatuma mwana kuti ndipite ndi zotsatira zanga. Anatulutsa chilengezo chija, chomwe iwo anachisindikiza chonse, n'kuchiyala pa tebulo pambali pa pepala langa. "Taona apa," anatero akuloza ndi cholembera. "Udokotala sufunsa za History kapena Chichewa. Ukufunsa Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Iwe Physics uli ndi 7, yomwe si credit n'komwe. Pa maphunziro ambiri amene unalembawa unagwa usanayambe kupikisana ndi aliyense." Ndinawafunsa kuti, "Nanga aphunzitsi, mnzanga uja wadutsa bwanji ndi 19?" Anati iye analemba maphunziro ogwirizana ndi zimene anakhoza, ndipo m'gulu limenelo ma giredi ake anali amphamvu.

Apa ndi pamene ndikanakonda wina akanandikhazika pansi ndisanagwire fomu. Mapointi onse pamodzi amakulowetsani m'bwalo, koma mpikisano weniweni umachitika m'maphunziro aliwonse paokha, pakati pa anthu amene alemba maphunziro amenewo, ndipo chimene chimayang'anidwa kwambiri ndi ma giredi a maphunziro ofunikira pamenepo. Udokotala, zamankhwala ndi uinjiniya amalimbirana ana amene ali ndi 1 ndi 2 m'masayansi onse, ambiri a iwo ochokera m'sukulu zogonera komweko zomwe zili ndi ma labotale. Ife a ku CDSS tinaphunzira Chemistry pa bolodi, zipangizo zambiri n'kuziona koyamba pafupi ndi mayeso. Sindikunena izi pofooketsa wina, chifukwa alipo a ku CDSS amene amadutsa, koma munthu aziyang'ana pepala lake moona mtima. Mizere ya pa fomu isadzaze ndi maphunziro a mtundu umodzi okhaokha: poyamba lembani amene mukuwalakalaka ngati ma giredi anu akukwanadi, pakati lembani amene mukuwakwanitsa bwino, ndipo kumapeto ikanipo amene mwayi wake ndi waukulu koma mungavomere kuwaphunzira mutasankhidwa. Onaninso zaka za MSCE zimene chilengezo chatchula kuti zikuloledwa, popeza satifiketi siikhala yovomerezeka pa mpikisano umenewu mpaka kalekale.

Chaka chodikiracho ndinachithera m'munda ndi pa msika. Tinaganizapo zobwereza Folomu 4 kuti ndikonze masayansi, koma aphunzitsi aja anandifunsa ngati ndinali ndi chifukwa chokhulupirira kuti Physics ya 7 ingasanduke 2 ndikuphunzira mmene ndinkaphunzirira kale, ndipo ndinasowa choyankha. Tinafunsanso ku mayunivesite omwe si a boma, koma fizi ya semesita imodzi m'malo amene tinafunsawo inkaposa ya chaka chonse ku yunivesite ya boma. Pa nthawiyi ndi pamene ndinadziwa kuti kuli njira zina zimene kusukulu sankazitchula kawirikawiri: makoleji a aphunzitsi a sekondale a Domasi ndi Nalikule, ma TTC ophunzitsa aphunzitsi a pulayimale, Malawi College of Health Sciences, makoleji a ntchito zamanja, komanso maphunziro ochitira kunyumba amene mayunivesite ena a boma amapereka. Ambiri mwa malo amenewa amalengeza paokha, pa nthawi yawoyawo, ndipo amene akungodikira mndandanda umodzi amawaphonya.

Mu 2022 ndinadzazanso fomu, ulendo uno chilengezo chili pambali, aphunzitsi aja ataona mzere uliwonse. Ndinasankhidwa kukachita digiri ya uphunzitsi ku University of Malawi, ku Zomba, maphunziro omwe aja ndinawanyoza m'kasitolo ka pa boma. Chimwemwe chinalipo, ngakhale kuti sichinafike pa chija cha mapointi, ndipo amayi sanaphe nkhuku koma anangogwada n'kupemphera.

Apa ndi pamene nkhani ya ndalama inayambira, ndipo inandivuta kuposa ya kusankhidwa. Amalume ankakumbukira nthawi imene wophunzira wa ku yunivesite ankagona ndi kudya za boma, n'kumalandiranso kangachepe m'thumba. "Boma likakusankha limakusamala lokha, ife tingokupezera ya thiransipoti ndi sopo," anatero motsimikiza, ndipo popeza m'banja mwathu munalibe amene anapitako, tinawakhulupirira. Zimene ankanenazo zinaliko kale, koma zinatha. Kuyambira 2015 boma linasiya kupereka ndalama yodyera kwa ophunzira atsopano, ndipo m'malo mwake kunakhazikitsidwa bungwe la ngongole la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Wophunzira aliyense amalipira fizi, amadzipezera pogona, amadzidyetsa yekha, ndipo amene sangakwanitse amapempha ngongole. Ngongoleyo siibwera yokha chifukwa choti dzina latuluka. Ili ndi fomu yake, nthawi yake yotsegulira ndi yotsekera, ndipo imafuna chiphaso cha unzika ndi umboni wochokera kwa anthu audindo akwanu wosonyeza kuti ndinu osowadi. Ine ndinazimva izi kwa mnzanga wina pa gulu la WhatsApp la osankhidwa kumene, nthawi yopempha itadutsa kale. Chaka choyamba chonse chinagwera pa mutu pa amayi ndi amalume.

Fizi inali K350,000 pa chaka, ndipo tonse tinaika maso pa ndalama imeneyo ngati kuti ndiyo yokhayo. Amayi anagulitsa soya atangokolola kumene, nthawi imene mavenda amagula motchipa kwambiri, chifukwa sitikanatha kudikira kuti mtengo ukwere. Amalume anagulitsa mbuzi. Zonse pamodzi zinakwana theka la fizi, thiransipoti, ndi kotsala pang'ono komwe tinkaganiza kuti kandifikitsa kumapeto kwa semesita. Ulendo wochokera ku Mchinji, kudzera ku Lilongwe, Dedza, Ntcheu, Balaka ndi Liwonde mpaka ku Zomba ndi wa tsiku lathunthu, ndipo thumba la ufa ndi matiresi amazilipiritsa paokha m'basi iliyonse.

Malo ogona a pasukulu m'mayunivesite ambiri a boma ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira, ndipo ine sindinapeze nawo. Monga ophunzira ambiri a ku Zomba, ndinakafuna nyumba ku Chikanda. Ndinapeza chipinda chimodzi chomwe tinkagawana ndi mtsikana wina wochokera ku Mulanje, aliyense K20,000 pa mwezi, madzi a pampopi wa panja, magetsi ogawana ndi zipinda zina. Eni nyumba anafuna lendi ya miyezi itatu nthawi imodzi, ndipo anandiuziratu kuti pa tchuthi ndizilipirabe ngati ndikufuna kudzapeza chipindacho ndikamabwerera. Mfundo yomalizayi sinali m'maganizo mwa aliyense kwathu. Sabata yoyamba isanathe ndinali nditagula mbaula, makala, ndowa, mapoto awiri ndi loko, nditalipira zoyezetsa m'thupi ndi zithunzi zofunika polembetsa, ndipo ndalama ya semesita yonse ija inali itatsala yosakwana mwezi.

Ndiye panali zolipira zimene sizilembedwa pa kalata iliyonse. Zolemba zambiri za aphunzitsi zimabwera pa foni kapena pa intaneti, choncho foni yamakono ndi bandulo ndi zofunika ngati cholembera. Ntchito zambiri amafuna zotayipa, ndipo amene alibe laputopu amabwereka ya mnzake usiku mwini wake akagona, kapena amalipira otayipa. Kusindikiza ndi kufotokopa kumadya ndalama pang'onopang'ono, moti munthu sazindikira mpaka atawerengetsera kumapeto kwa mwezi. Chakudya chathu chinali nsima ya ufa wochokera kumudzi, ndiwo zake bonya, soya pieces kapena masamba, ndipo masiku ambiri tinkadya kamodzi, madzulo, chifukwa kubwerera ku Chikanda masana kukayatsa mbaula kunkatanthauza kuphonya kalasi. Nditawerengetsera bwino chaka chitatha, ndinapeza kuti pogona, chakudya, maulendo ndi zofunika za m'kalasi zinaposa fizi kutalitali. Banja limene likukonzekera fizi yokha likukonzekera gawo laling'ono la mtolo.

Nditaimba foni kwathu kufotokoza kuti ndalama zatha, amalume anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Walira mvula walira matope, mwanawe. Tiona chochita." Chochita chake chinali banki mkhonde. Amayi anatenga ngongole m'gulu lawo, yomwe chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pa mwezi, ndipo ulimi subweza pa mwezi. Pofika semesita yachiwiri anali akubwereka kwina kuti abweze kwina. Mayeso atayandikira, theka lachiwiri la fizi lisanaperekedwe, amalume anakatenga katapila, K80,000 yodzabweza K120,000 akadzakolola. Ndikakumbukira zonse zimene tinachita chaka chimenecho, katapilayu ndi amene ndimadana naye kwambiri, chifukwa anadya mbewu za chaka chotsatira zisanamere n'komwe.

Ndinafika poganiza zongolongedza katundu n'kubwerera kwathu mwakachetechete, monga anachitira mtsikana wina wa chipinda choyandikana ndi chathu, amene anangochoka osauza aliyense. Mnzanga wa ku Mulanje uja ndi amene anandikakamiza kupita ku ofesi ya Dean of Students, yoona za umoyo wa ophunzira, komwe ndinkaopa kupita poganiza kuti kuulula umphawi ndi kudzichotsa ulemu. Anandilandira bwino, anandiuza mmene ndingalembere kalata yofotokoza vuto langa, ananditchulira mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino amene nthawi zina amathandiza ophunzira osowa, ndipo anandiuza chinthu china chimene aliyense ayenera kuchidziwa: ngati zavutitsitsa, pali njira yovomerezeka yoimitsira maphunziro chifukwa cha ndalama, polemba kalata, kuti malo ako asungidwe. Amene amangosowa osalemba kanthu amaoneka ngati athawa sukulu, ndipo kubwerera kumavuta. Thandizo limene ndinapeza kudzera m'njira imeneyi silinali lalikulu, koma pamodzi ndi katapila uja linandilowetsa m'chipinda cha mayeso.

Nthawi yopempha ngongole ya boma itatsegulidwanso, ndinali m'gulu la oyamba. Ndinayamba kusonkhanitsa mapepala chilengezo chisanatuluke, chifukwa kupeza masiginecha ndi zidindo za kumudzi munthu uli ku Zomba kumafuna nthawi ndi ndalama, ndipo anthu audindo sapezeka tsiku limene iwe wawafuna. Ndinaonetsetsa kuti dzina langa lalembedwa mofanana pa chiphaso cha unzika, pa satifiketi ndi ku banki, popeza ndinaona anzanga akuvutika chifukwa cha chilembo chimodzi chosiyana. Ndinapatsidwa ngongole ya fizi ndi ya ndalama yodyera. Ya fizi imapita ku yunivesite osadutsa m'manja mwanu, pamene yodyera imalowa mu akaunti yanu ya ku banki, ndipo musanalandire mumasainira pangano loti mudzabweza. Si onse opempha amene amapatsidwa, ndipo ena amapatsidwa mbali imodzi yokha. Ngakhale mutapatsidwa zonse, nyamukani kwanu ndi ndalama ya lendi ndi chakudya cha masabata oyambirira, chifukwa pali ndondomeko zoyenera kutsatidwa ndalama isanalowe mu akaunti, pamene eni nyumba amafuna yawo tsiku lolowa.

Ngongoleyo inafika pa nthawi yake, chifukwa mu 2023 mayunivesite a boma anakweza fizi. Kwathu inachoka pa K350,000 kufika pa K650,000, ndipo ku KUHeS inafika K1 miliyoni pa chaka. Nditamva za KUHeS ndinakumbukira fomu yanga yoyamba ija. Maphunziro a udokotala amatenga zaka zambiri kuposa digiri ya zaka zinayi imene ndikuchita, ndipo ndikanasankhidwa chaka chija, ndili wosadziwa za ngongole, sindikhulupirira kuti banja lathu likanandifikitsa ngakhale pakati. Posankha maphunziro, kutalika kwake ndi mzinda umene mukakhale ziyenera kuwerengedwa pamodzi ndi ma giredi, chifukwa lendi ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe si yofanana ndi ya kumadera ena.

Ndalama yodyera inali K350,000 pa chaka, ndipo mu 2024 inakwezedwa kufika K560,000. Ikangolowa imaoneka yambiri, makamaka kwa munthu amene sanagwirepo ndalama yotere, ndipo ndinaona anzanga ena akugula mafoni ndi nsapato sabata yomweyo, kenako n'kumapempha ufa mwezi usanathe. Ine ndinkayamba ndi kulipira lendi ya semesita yonse, kenako nyemba, mafuta ophikira ndi makala, ndipo yotsalayo ndinkaigawa m'masabata. Ngakhale ndinkatero, sinkakwana. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya sopo, shuga, mapepala ndi thiransipoti inakwera nthawi imodzi. Eni nyumba nawo anakweza lendi. Kenako mvula ya 2024 inavuta chifukwa cha El Niño, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo ufa wochokera kumudzi, umene unali msana wa bajeti yanga, unayamba kubwera mochepa mpaka unasiyiratu.

Pofuna kutseka mpatawo ndinayamba kuluka tsitsi Loweruka ndi Lamlungu, kenako ndinapeza ana a sekondale oti ndiziwaphunzitsa madzulo. Ndalama zake ndi zimene zinandigulira laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, ya K180,000, yomwe batire lake linali lakufa moti inkayaka pokhapokha ili pa magetsi. Koma ganyu ali ndi mtengo wake. Ndinayamba kulowa m'kalasi ndili wotopa, kuwerenga kunachepa, ndipo semesita ina ndinalephera phunziro limodzi n'kuitanidwa ku mayeso obwereza, amene ophunzira amawatcha sapu. Sapu imalembedwa anzako ali pa tchuthi, choncho ndinalipira ulendo wina wochokera ku Mchinji, chakudya cha masiku amenewo ndi zina zofunika pa mayesowo, ndipo zonsezi zinameza pafupifupi phindu lonse la ganyu wa semesita imeneyo. Kuchokera pamenepo ndinasiya kuphunzitsa ana mkati mwa sabata, n'kutsala ndi zoluka tsitsi zokha, ndipo mayeso akayandikira ndimakana makasitomala ngakhale m'thumba muli mbee.

Ophunzira za uphunzitsi tili ndi chotiyembekezera china chimene sindinachiwerengere poyamba, chomwe ndi nthawi yokaphunzitsa m'sukulu za sekondale ngati gawo la maphunziro. Imafuna zovala zoyenera mphunzitsi, pogona pafupi ndi sukuluyo, ndi zipangizo zophunzitsira. A zaulimi, a zaumoyo ndi a uinjiniya nawonso ali ndi nthawi yawo yokaphunzira ntchito kunja kwa sukulu, ndipo m'chaka chomaliza kafukufuku amafuna ndalama zoyendera ndi zosindikizira. Funsani amene ali m'chaka chachitatu kapena chachinayi cha maphunziro amene mukufuna kuti akuuzeni zolipira zimene zimabwera mtsogolo, chifukwa kalata yokuitanani kusukulu imangotchula za pakhomo polowera. Ine ndapempha kuti ndikaphunzitse pa sukulu ina yapafupi ndi kwa azakhali anga ku Lilongwe kuti ndisakalipire lendi kawiri, ndipo chipinda cha ku Chikanda tagwirizana ndi mnzanga uja kuti alowetsemo wina kwa miyezi imeneyo.

Katapila uja amalume anamubweza ndi mtedza wa chaka chotsatira, ndipo ngongole ya banki mkhonde inawatengera amayi nyengo ziwiri za ulimi kuti aimalize. Ya boma idakalipo ndipo ikukula chaka ndi chaka. Pa mitengo ya 2024, chaka chimodzi cha fizi ya K650,000 ndi ndalama yodyera ya K560,000 chinali K1,210,000, choncho pomaliza zaka zitatu za ngongole ndidzakhala ndi ngongole yoposa K3 miliyoni, yomwe ndidzayenera kuibweza kuchokera pa malipiro a mphunzitsi, ntchitoyo ikadzapezeka.